Matayala ndi marimu a nyengo yachisanu pa galimoto yaliwiro: yesani kaye musanalipire

Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka ku Britain, abale amene angogula kumene galimoto yaliwiro amafunsa funso lomwe lija: chisanu chayandikira, ndiikepo matayala anji? Yankho lake silikwana mu uthenga umodzi wa pa foni, ndiye ndalilemba pano lonse. Chitsanzo changa ndi Volkswagen Golf GTI ndi Golf R za mtundu wa Mk7, chifukwa zachuluka pamsika wa galimoto zakale, ndipo apo ndi apo nditchula BMW. Manambala amasiyana malinga ndi galimoto, koma njira yake ndi imodzi.

Kuzizira kwa ku Dedza mu June sikunatiphunzitse zimenezi, pakuti kwathu tayala limayenda chaka chonse mpaka lithe mano. Galimoto yaliwiro imachoka ku fakitale ndi matayala a nyengo yotentha, monga Michelin Pilot Sport kapena Pirelli P Zero, otambalala, afupi m'mbali, a labala womata pa tala akatenthedwa. Kukazizira kufika cha pa madigiri 7 kutsika m'munsi, labala ameneyu amayamba kuuma. Kunja kukhoza kukhala kopanda chipale chofewa, chimene ambiri timangoti sinowo, koma pa tala wonyowa wa m'mawa galimoto imaima patali kuposa mmene munazolowera. Ndipo musadalire kuti yanu imakoka ndi matayala onse anayi. 4Motion, xDrive ndi quattro, maina a makina okoka ndi onse anayiwo, zimathandiza ponyamuka pokha. Mukaponda buleki, galimoto iliyonse imaima ndi labala amene wagunda pansi, basi.

1. Dziwani chisanu cha kumene mukukhala

Matayala a chisanu si amodzi. Pali opangidwira pakati pa Europe, monga Michelin Pilot Alpin 5, Continental WinterContact TS 870 P, Bridgestone Blizzak LM005 ndi Pirelli Winter Sottozero 3. Awa ntchito yawo ndi tala wozizira wonyowa, sinowo wa apo ndi apo, ndi liwiro la pa misewu ikuluikulu. Ngati muli ku Britain, Ireland kapena Germany, gulani amenewa. Galimoto imakhalabe yomvera chiwongolero.

Pali ena a kumpoto kwenikweni, monga Nokian Hakkapeliitta R5, Continental VikingContact 7 ndi Michelin X-Ice Snow. Labala wake ndi wofewa kwambiri, wopangidwira ayezi ndi kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro, monga ku Sweden, Finland, Norway ndi Canada. Kumeneko ndi abwino zedi. Koma pa mvula ya ku Manchester, pa madigiri 6, amaima patali, ndipo pokhota galimoto imamveka ngati ikuyandama. Anthu amalakwitsa apa poganiza kuti tayala la chisanu choopsa ndiye lopambana paliponse. Mtundu wofewa ngati womwewu ndi umene nthawi zina umafika kwathu pa galimoto zochokera ku Japan, n'chifukwa chake amatha msanga pa tala wotentha wa mu October.

Matayala a timisomali aiwaleni, pokhapokha mukukhala kumene ayezi amakhala pamsewu miyezi yathunthu. Ku Germany ndi oletsedwa.

Nanga a chaka chonse, monga Michelin CrossClimate 2? Kwa GTI ya ku London, kumene sinowo amagwa masiku owerengeka, ndi okwanira. Kwa BMW yokankha ndi matayala akumbuyo ya ku Scotland, ine ndimati gulani a chisanu enieni.

2. Yang'anani chizindikiro, ndipo dziwani lamulo

M'mbali mwa tayala mufune chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, mkati mwake muli kachidutswa ka sinowo. Ogulitsa amachitcha 3PMSF. Chimasonyeza kuti tayalalo linayesedwa pa sinowo n'kupambana. Zilembo za M+S pazokha sizitsimikizira zimenezo.

Ku Britain palibe lamulo lokakamiza matayala a chisanu. Lamulo ndi la mano: asachepere mamilimita 1.6, apo ayi chindapusa chikhoza kufika £2,500 pa tayala limodzi. Mukawoloka nyanja zinthu zimasintha. Ku Germany, pamsewu pakakhala sinowo kapena ayezi muyenera kukhala ndi matayala a chisanu, ndipo kuyambira 1 October 2024 amene amavomerezedwa ndi a chizindikiro cha phiri okha. Ku Austria lamulo lotere limagwira kuyambira 1 November mpaka 15 April, ndipo mano asachepere mamilimita 4. Ku France madera ena a kumapiri amafuna matayala a chisanu kapena matcheni kuyambira 1 November mpaka 31 March. Ku Quebec ndi lamulo kuyambira 1 December mpaka 15 March.

Imbiraninso a inshuwalansi. Matayala okha kawirikawiri sakhala nkhani, koma marimu osakhala a fakitale ena amawatenga ngati kusintha galimoto.

3. Sankhani saizi

Werengani zolembedwa pa tayala lanu. Pa Golf GTI ndi R zambiri mupeza 225/40 R18. Nambala ya 225 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 40 ndiye kuti khoma la m'mbali ndi 40 peresenti ya 225, kutanthauza mamilimita 90, ndipo 18 ndi kukula kwa rimu mu mainchesi.

Nyengo yachisanu nzeru ndi kutsika inchi imodzi pa rimu n'kukweza khoma la tayala, koma kutalika kwa gudumu lonse kusasinthe. Masamu ake ndi awa: mainchesi a rimu kuchulukitsa ndi 25.4, kuphatikizapo khoma kawiri. Pa 225/40 R18 ndi 457.2 kuphatikiza 180, yankho ndi mamilimita 637.2. Pa 225/45 R17 ndi 634.3. Pa 205/50 R17 ndi 636.8. Onse awiriwa akulowa bwino. Kusiyana kusapitirire 2 peresenti, chifukwa kupyola apo sipidomita imanama ndipo makina a ABS, oletsa magudumu kukiya mukaponda buleki, amawerenga zolakwika. Pa galimoto yokoka ndi onse anayi, matayala otalika mosiyana kutsogolo ndi kumbuyo amatopetsa makina ogawa mphamvu.

Khoma lalitali limateteza rimu mukamenya dzenje, ndipo maenje amachuluka chisanu chikang'amba tala. Tayala lopapatiza limaboola sinowo ndi phala la sinowo wosungunuka, pamene lotambalala limayandama pamwamba. Komanso a 17 ndi otsika mtengo kuposa a 18 kapena 19.

BMW zambiri zimabwera ndi matayala aakulu kumbuyo, monga 225/45 R18 kutsogolo ndi 255/40 R18 kumbuyo. Pa chisanu ikani 225/45 R18 konse kunayi, ngati buku la galimoto lavomereza saiziyo. Mudzatha kuwasinthanitsa chaka chamawa kuti athe mofanana. Bukulo limanenanso saizi imene imalola matcheni, ndipo pa galimoto zaliwiro kawirikawiri imakhala yopapatiza ija.

Gulani anayi. Mukaika awiri kutsogolo kokha, kumbuyo kumathawa pokhota. Mukaika kumbuyo kokha, galimoto imakana kukhota ndi kuima.

4. Marimu: apa ndi pamene ndalama zimatayikira

Mukhoza kumavula ndi kuveka matayala pa marimu omwewo kawiri pachaka, koma ndalama ya galaja imachuluka, milomo ya tayala imatopa, ndipo mchere umene amathira pamsewu umadya marimu onyezimira aja opalidwa kumaso. Seti yachiwiri ya marimu opakidwa penti wamba ndiyo yabwino. Koma rimu kukhala ya mainchesi 17 ndi mabowo asanu sindiye kuti ilowa. Pali zinthu zisanu zoti zigwirizane, ndipo chimodzi chikalakwika rimu ndi yosagwira ntchito.

Choyamba ndi mabowo a mabawuti, amene amalembedwa kuti PCD. Golf ndi 5x112: mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 112. Galimoto zambiri za ku Japan ndi 5x114.3. Kusiyanaku diso siliona, ndipo mabawuti akhoza kuyamba kulowa, koma amakhala mopendekeka mpaka kumasuka kapena kuduka. Pa BMW musamale kwambiri: 3 Series ya F30 ndi 5x120, pamene G20 imene inabwera pambuyo pake ndi 5x112. Wogulitsa akangoti marimu a BMW, funsani kuti ya mtundu uti.

Chachiwiri ndi bowo lapakati, limene limakhala pa habu. Golf ndi mamilimita 57.1, BMW F30 ndi 72.6, Mercedes ndi 66.6. Bowo likachepa rimu silowa n'komwe. Likakula imalowa, koma mufunika mphete yodzaza mpatawo kuti rimu ikhale pakatikati. Popanda mphete chiwongolero chimanjenjemera mukathamanga, ndipo mudzabalansa matayala kangapo osapeza chovuta.

Chachitatu ndi offset, yolembedwa kuti ET kuseri kwa masipoko. Ndi mtunda, m'mamilimita, kuchoka pakati pa rimu kufika pa nkhope imene imagunda habu. ET ikakula gudumu limalowa mkati, ikachepa limatuluka kunja. Musayerekeze ET yokha, iyendere limodzi ndi kutambalala kwa rimu. Rimu ya fakitale ya GTI ndi 7.5Jx18 ET49, ndiye kuti yotambalala mainchesi 7.5. Mainchesi 7.5 ndi mamilimita 190.5, theka lake 95. Mkati rimu imalowa 95 kuphatikiza 49, ndiye 144. Kunja imatuluka 95 kuchotsa 49, ndiye 46. Tsopano mwapeza 7Jx17 ET45: theka ndi 89, mkati 134, kunja 44. Yatalikira shoko ndi mamilimita 10, kunja sikunasinthe kwenikweni. Imeneyo ndi yabwino. Koma 8Jx17 ET35 theka lake ndi pafupifupi 102, kunja 67. Yatuluka ndi mamilimita oposa 20. Mukanyamula anthu kumbuyo n'kudutsa pa hampu tayala likhoza kukhula madigadi, limamwaza mchere m'mbali mwa galimoto, ndipo maberingi amasenza katundu molakwika. Yesetsani kukhala pafupi ndi manambala a fakitale, mamilimita 5 uku kapena uku.

Chachinayi ndicho chimene malangizo ambiri amadumpha: mabuleki. Galimoto yaliwiro ili ndi madisiki aakulu ndi caliper yonenepa, chija chitsulo chopana disiki. GTI wamba ili ndi madisiki a mamilimita 312 kutsogolo. GTI ya Performance Pack ndi Golf R zili ndi a 340, ndipo pamenepa rimu ya 16 silowa, yocheperetsa ndi 17. Komabe si 17 iliyonse. Caliper ikhoza kugunda malo awiri. Pamwamba ikhoza kukhula mimba ya rimu, chifukwa marimu ena mimba yawo imapapatira mkati. Kumaso ikhoza kugunda kuseri kwa masipoko, ndipo izi zimadalira mmene masipokowo anapindikira. Marimu awiri a saizi imodzi ndi ET imodzi, ina imadutsa bwinobwino, ina imagunda. Manambala a pa malonda sakuuzani zimenezi.

Njira yake ndi kuyesa rimu imodzi yopanda tayala, musanalipire zonse ndiponso asanavekepo matayala, chifukwa ogulitsa ambiri salandiranso rimu imene yavekedwapo tayala. Imikani galimoto pamalo osalala, kwezani kutsogolo ndi jeke, ikani chochirikiza pansi, chotsani gudumu. Palani dzimbiri pa habu ndi bulashi yawaya kuti rimu ikhale mosapendekeka. Ikani rimu, mangani mabawuti atatu ndi dzanja mpaka igwire. Izungulizeni pang'onopang'ono mukumvetsera. Kenako tengani tochi ndi allen key ya mamilimita 3, muilowetse pakati pa caliper ndi sipoko, ndiponso pakati pa caliper ndi mimba ya rimu. Ikakana kulowa paliponse, rimu imeneyo isiyeni. Mamilimita atatuwo ndi ofunika chifukwa rimu imapindika pang'ono pokhota mwamphamvu, zitsulo zimafufuma zikatentha, ndipo timiyala ndi ayezi zimalowa mumpatamo.

Pali misampha iwiri ngakhale mwayesa. Woyamba ndi tizitsulo timene amamata mkati mwa rimu pobalansa. Timadya mpata wa pamwamba pa caliper, ndipo tikagundidwa timathothoka ulendo woyamba. Uzani wobalansa atimate pamzere umene caliper sidutsa. Wachiwiri ndi mapadi. Caliper ya Golf imasuntha pa mapini ake. Mapadi akatha imakhala italowa mkati, akaikidwa atsopano imatulukira kunja, kufupi ndi masipoko. Ngati mukuyesa mapadi ali okutha, onjezerani mpata, apo ayi rimu imene yadutsa lero idzagunda tsiku limene makaniko adzasinthe mapadi. Pomaliza pindani chiwongolero mpaka mapeto mbali zonse ziwiri, muone ngati mlomo wamkati wa rimu sukuyandikira shoko kapena paipi ya buleki. Yesaninso kumbuyo, ngakhale kumeneko sikuvuta kawirikawiri.

Ena rimu ikagunda amaika spacer, chimbale chokankhira gudumu kunja. Ine ndimati bwezani rimuyo mupeze ina. Ngati palibe kuchitira mwina, ikhale yokhala ndi mlomo wake wa habu, ndipo mabawuti atalike ndi muyeso womwewo.

Chachisanu ndi mabawuti. Golf imagwiritsa M14x1.5, BMW za masiku ano M14x1.25; mazinga ake ndi osiyana, ndiye sasinthanitsika. Yang'anani khosi la bawuti, pamene limakhala mu bowo la rimu. Marimu a fakitale a Volkswagen amafuna khosi lozungulira ngati mpira. Marimu ambiri a makampani ena amafuna khosi losongoka la madigiri 60. Mukasakaniza, bawuti limagwira ndi kamzere kochepa chabe, limamveka lolimba pomanga, kenako limamasuka m'njira. Bawuti lokiya lija loteteza kwa akuba nalonso khosi lake ligwirizane. Za kutalika, werengani pomanga ndi dzanja: M14x1.5 lizungulire kosachepera kasanu ndi kawiri ndi theka, M14x1.25 kasanu ndi kanayi. Likatalikitsa likhoza kugunda zitsulo za kuseri kwa habu.

Ngati zonsezi zakuchulukirani, njira yachidule ndi kugula marimu akale a fakitale a galimoto yomweyo, ochokera pa ina ya mabuleki ofanana ndi anu. Musanalipire, aunikeni mkati ngati mulibe mng'alu kapena powotcherera.

5. Katundu, liwiro ndi zaka za tayala

Pambuyo pa saizi pali nambala ndi chilembo, monga 92Y. Nambala ndi katundu amene tayala limodzi lingasenze: 89 ndi makilogalamu 580, 91 ndi 615, 92 ndi 630, 93 ndi 650, 94 ndi 670. Imeneyi musatsitse kuchoka pa zimene buku lanena. Msampha uli pa 205/50 R17, imene imapezeka ya 89 komanso ya 93 yolembedwa XL. Tengani ya 93.

Chilembo ndi liwiro: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270, Y ndi 300. Pa matayala a chisanu mayiko ambiri a ku Europe amalola kutsika, ndipo H kapena V ndi yokwanira. Ku Germany mukatero pamafunika chikumbutso cha liwirolo pamene woyendetsa akuona.

Pafupi ndi zilembo za DOT pali manambala anayi. 3523 ndiye kuti sabata ya 35 ya 2023. Tayala la chisanu mphamvu yake ili mu kufewa kwa labala ndi timing'alu tambirimbiri ta pa mano, timene timaluma sinowo. Likakalamba limauma ngakhale mano alipo. Akale oposa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi musagule. Latsopano limakhala ndi mano a mamilimita pafupifupi 8, ndipo likafika pa 4 ntchito ya pa sinowo yatha, kaya lamulo likulolabe.

6. Makina oona mpweya

Golf Mk7 imazindikira kuphwa kwa tayala kudzera mu ABS, ndiye mulibe kachipangizo mu rimu. Mukasintha magudumu ingopopani bwino, kenako muuze galimoto pa sikirini kuti isunge mpweya watsopanowo. BMW zambiri zili ndi kachipangizo pa vavu ya gudumu lililonse, ndiye seti yachiwiri ifunika take tinayi, tivekedwe matayala asanalowe. Ta ku Europe ndi ta 433 MHz, ta ku America tambiri ndi ta 315 MHz, choncho samalani pogula pa intaneti. Ku Britain, galimoto yoyamba kuyenda kuyambira 2012 imalephera MOT, kuyesedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera pamsewu, makinawa akakhala owonongeka.

7. Tsiku loika

Musadikire sinowo woyamba, chifukwa tsiku limenelo magalaja amadzaza ndipo saizi zodziwika zimatha. Ajeremani amati kuyambira October mpaka Pasaka. Ku Britain chikumbutso chabwino ndi Lamulungu lomaliza la October, pamene amabweza mawotchi.

Matayala ambiri a chisanu ali ndi muvi wosonyeza kumene ayenera kuzungulira. Onetsetsani kuti mbali zonse muviwo ukuloza kutsogolo pamwamba pa gudumu. Ena alembedwa Outside, mbali imeneyo ikhale kunja. Mabawuti musawapake girisi, chifukwa mudzamanga mopyola muyeso osadziwa. Yambitsani lililonse ndi dzanja, mangani modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, ndipo malizani ndi torque wrench, sipanala yoyesa kulimba kwa bawuti mu Nm, galimoto itatsika pansi: 120 Nm pa Golf Mk7, 140 Nm pa BMW za mabawuti a M14. Mfuti ya mpweya ya ku galaja si yomalizira. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 bwerezani kumanga, makamaka pa marimu atsopano, chifukwa penti wa m'mabowo amaphwanyika n'kusiya bawuti lofooka.

Muyeso wa mpweya uli pa chomata cha pa chitseko cha woyendetsa kapena pa chivundikiro cha petulo. Yesani matayala ali ozizira. Kunja kukazizira ndi madigiri 10, mpweya umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar, ndiye amene apopedwa mu galaja yofunda amapezeka ochepa mawa lake panja. Musaphwetse dala poganiza kuti agwira bwino sinowo. Tayala lophwa limatseka ngalande zake n'kutha m'mbali.

Makilomita mazana angapo oyamba yendani modekha, chifukwa tayala latsopano limakhala loterera pamwamba. Chiwongolero chimveka chofewa kuposa kale, n'chimene khoma lalitali ndi labala wofewa zimachita.

8. Amene mwachotsa

Musanawachotse pamalo, lembani ndi choko mkati mwa lililonse kumene linali: kutsogolo kumanja, kumbuyo kumanzere. Tsukani marimu, aume. Sungani pamalo ouma, amdima, kutali ndi mafuta ndi chotenthetsera nyumba. Matayala okhala pa marimu agonekeni mosanjikiza. Opanda marimu aimikeni chilili, muziwatembenuza mwezi uliwonse. Matayala a mpikisano monga Michelin Pilot Sport Cup 2 musawasiye mu shedi yozizira kwambiri, chifukwa labala wake amatha kung'aluka akapindidwa ataundana.

Bwezeranipo a nyengo yotentha pamene m'mawa, nthawi imene mumanyamuka kupita kuntchito, kwakhala kukupitirira madigiri 7 kwa sabata yathunthu, kawirikawiri kumapeto kwa March kapena mu April. A chisanu aja, musanawasunge, atsukeni mchere mbali zonse, kuseri kwa masipoko komwe, ndipo muyese mano n'kulemba muyesowo pa tayalapo.